Mawu Amene Ndinapita Nawo ku Lirangwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene amayi anga anasiya kupita ku tchalitchi cha mishoni n'kuyamba kupemphera ku feloshipu. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Chileka, m'nyumba ya aphunzitsi, pafupi ndithu ndi bwalo la ndege, moti ndege ikamatera mazenera ankanjenjemera ndipo woyankhula aliyense ankayamba wadikira kuti idutse. Bambo anali mphunzitsi wa pulayimale komanso mkulu wa mpingo. Anabadwira mumpingo umenewo, anaphunzira pa sukulu yake, ndipo sankaona chifukwa choti munthu akafunefune Mulungu kwina. Amayi anali atamva ulaliki wina pa msika umene unawaliza masiku atatu, ndipo kuyambira pamenepo ankati anabadwa mwatsopano.

Sindinganene kuti makolo anga ankadana. Ankalima munda umodzi, ankaseka limodzi, ndipo bambo sanawaletsepo amayi kupita kumene mtima wawo unkafuna. Koma Lamlungu lililonse masana, tikamaliza kudya, ankakhala pakhonde aliyense ndi Baibulo lake pamiyendo, n'kuyambanso nkhani imodzimodzi: kodi munthu amene anapulumutsidwa angathe kutayanso chipulumutso chake?

Amayi ankati eya. Ankati munthu akhoza kuyamba bwino n'kukathera m'dzenje, chifukwa Mulungu sakakamiza munthu, ndipo ukatuluka wekha m'nyumba ndiye kuti watuluka. Bambo ankati ayi. Ankati chipulumutso si mpango woti ungagwe m'thumba uli pa njinga, chifukwa wakugwira ndi Mulungu, osati iwe wamugwira Iye. Aliyense ankatsegula tsamba lake n'kuloza ndi chala. Ine ndinkakhala chapafupi, ndikutsuka mbale kapena kusenda nandolo, makutu ali tcheru. Ndinali mwana wokonda kupambana. Ku Sande Sukulu palibe ankandiposa kuloweza mavesi, ndipo mtsutso wa makolo anga ndinkauloweza chimodzimodzi, mbali zonse ziwiri, liwu ndi liwu.

Poyamba ankatsutsana za munthu wopanda dzina. Kenako munthuyo anakhala ndi dzina. Anali amalume anga, a Waisoni.

Amalume a Waisoni anali mlongo wawo wa amayi, wobadwa pambuyo pawo, ndipo anali kalipentala ku Lirangwe. Kale ankayimbitsa kwaya pa tchalitchi cha mishoni cha kumeneko. Mwana wawo yekhayo atamwalira ali ndi zaka zinayi, banja silinakhalitse. Akazi awo anabwerera kwawo kwa Kuntaja, ndipo amalume anayamba kumwa kachasu. Akulu a mpingo anawachenjeza kangapo, kenako anawadula. Munthu wodulidwa sadya mgonero, sayimba kwaya, ndipo akamwalira asanabwezeretsedwe, mpingo suyendetsa maliro ake. Pofika chaka chimene ndikunenachi, amalume anali atakhala odulidwa zaka zitatu.

"Taonani Waisoni," amayi ankatero, nthawi zina misozi ikulengeza. "Munthu uja akayimba, anthu ankalapa. Lero dzina lake linafufutidwa kumwamba. Ndiye mundiuza kuti munthu sataya chipulumutso?"

"Za alamu pali ziwiri," bambo ankayankha mofatsa, ngati akuphunzitsa masamu. "Ngati anapulumutsidwadi, adzabwerera, ngakhale akukwawa. Akapanda kubwerera, ndiye kuti sanapulumutsidwe n'komwe chiyambire. Kwaya ija inali mawu chabe."

Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri, mpaka anasiya kundiwawa. Ankangomveka ngati nkhani ya m'buku.

Pa tchuthi cha mu Ogasiti amayi anamva kuti amalume akutsokomola kwambiri, ndipo ananditenga kuti tikawaone. Tinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kukwera ina yodutsa ku Lunzu. Kunali mphepo ya fumbi tsiku limenelo, yoti ukatafuna umamva mchenga m'mano. Tinawapeza kuseri kwa msika wa Lirangwe, pansi pa mtengo pamene anali ndi benchi yawo yogwirirapo ntchito. Anali ataonda moti kolala ya malaya inkaoneka ngati ya munthu wina. Koma atandiona, nkhope yawo inawala.

"Esinati! Wakula liti chonchi? Achemwali, mwanayu mukumuthira feteleza?"

Amayi anaseka pang'ono, anawapatsa shuga ndi sopo zimene tinawatengera, n'kuwafunsa za chifuwacho. Kenako anati akufuna akaone nyemba mumsika, ine nditsale ndi amalume. Amalume anandikhazika pa kampando, anandipatsa masawu m'kapepala, n'kubwerera pa thabwa limene ankapala. Ndimakumbukirabe fungo la pamalo paja: utuchi, thukuta, ndi kafungo ka kachasu wa dzulo lake. Akupala choncho anayamba kuyimba chapansipansi nyimbo ina imene timayimba pa mgonero. Mawu awo anali atasasa, koma nyimboyo ankaikhota bwino kuposa aliyense amene ndinamumvapo.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Mwina ndinkafuna kuti aone kuti ndikudziwa zinthu za akuluakulu.

"Amalume, bwanji mukuyimba nyimbo ya Mulungu?"

"Yaletsedwa?" anafunsa akumwetulira, osasiya kupala.

"Inu munataya chipulumutso. Amayi amati dzina lanu linafufutidwa kumwamba."

Chopalira chija chinaima pakati pa thabwa. Amalume sanandiyang'ane. Anayang'ana chakumsika kumene amayi analowera.

"Amatero achemwali?"

"Eee. Lamlungu lililonse."

"Nanga alamu, bambo ako, amati bwanji?"

"Bambo amati munthu wopulumutsidwa sangatayike."

Ndinaona mapewa awo akutsika pang'ono, ngati munthu amene watula mtolo. Ndinaona ndi maso angawa. Ndikanatha kulekera pomwepo. Koma ine ndinali mwana wosasiya yankho lili theka.

"Koma amati inuyo mwina simunapulumutsidwe n'komwe chiyambire. Amati kwaya ija inali mawu chabe."

Amalume anaika chopalira pa benchi pang'onopang'ono, anapukuta manja pa buluku, n'kukhala pa mulu wa matabwa. Anatsokomola nthawi yaitali. Chifuwa chitaleka anayankhula, koma ngati sakuyankhula ndi ine.

"Ndiye kwa mayi ako ndinalowa n'kutulukanso. Kwa bambo ako sindinalowepo n'komwe." Kenako anandiyang'ana. "Zaka khumi ndi zitatu ndinayimbitsa kwaya, Esinati. Nanga nthawi yonseyo ndinali kuti?"

Funso limenelo silinali pa zimene ndinaloweza. Ndinangoyang'ana masawu anali m'manja mwanga. Amayi atabwera, amalume anawathokoza chifukwa cha shuga, anawafunsa za kunyumba, zonse mwaulemu. Koma sanatiperekeze ku siteji monga ankachitira nthawi zonse. Amayi anati mwina chifuwa chawalefula.

Masabata atatu otsatira ndinawakhala ngati munthu womeza mwala. Sukulu inatsegulidwa, ndinkapita, ndinkabwera, koma Lamlungu makolo anga akatulutsa mipando pakhonde ndinkathawira kuseri kwa khitchini. Ndinkadziuza kuti sindinaname, kuti zonse zimene ndinanena zinanenedwadi. Ndinkadziuzanso kuti pa tchuthi cha Khirisimasi ndidzapita kukawapepesa. Ndinali ndi nthawi, ndinkatero mumtima.

Lachinayi lina m'mawa, ndikumanga lamba wa yunifolomu, munthu anafika pa njinga ali thukuta lokhalokha. Anagwada patali ndi khonde n'kuyankhula ndi bambo motsitsa mawu. Amayi anali akusesa pabwalo. Atangoona mmene bambo anatembenukira, tsache linagwa m'manja.

Tinafika ku Lirangwe dzuwa litakwera. Kunali kutayamba kutentha, kutentha kwa kumeneko koti nthaka imaotcha ngakhale uli ndi nsapato. Anthu anali ambiri ndithu, chifukwa amalume anakhomera zitseko ndi mipando pafupifupi nyumba iliyonse m'mudzimo. Koma chimene chinandiopsa chinali chete. Maliro onse amene ndinawaonapo ankamveka uli kutali chifukwa cha nyimbo. Apa amayi a mumpingo anabwera atavala zitenje wamba, osati zovala zawo zoyera za mvano, ndipo anangokhala pansi pafupi ndi siwa, milomo ili yotseka. Unkamva ntchentche, unkamva mwana akulira nyumba yachitatu, unkamvanso hamala ya anthu amene ankakhoma bokosi kuseri, ndi matabwa a amalume omwe.

Mkulu wa mpingo wa kumeneko, a Likoswe, anawatengera bambo pambali. Ine ndinali nditawagwira bambo dzanja, choncho ndinamva zonse.

"Abambo, inu malamulo mukuwadziwa kuposa ine. Wapita ali wodulidwa. Tabwera ngati anansi, koma mpingo suyimba ndipo sulalika. Mwambo ayendetsa achibale ndi adzukulu."

Bambo anagwedeza mutu kuvomereza. Sanatsutse ngakhale liwu limodzi.

Maliro anali oti aikidwe mawa lake. M'mawa wa tsiku loika, adzukulu atapita kale kukakumba manda, amayi anatuluka m'siwa maso atatupa, n'kuwakodola bambo kuti apite kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe. Ndinawatsatira. Palibe anandithamangitsa, ndikuganiza kuti sanandione n'komwe.

"Bambo a Esinati, pitani mukawapemphe. Nyimbo imodzi yokha. Mlongo wanga asapite ngati galu."

"Ndikapemphe bwanji? Lamulo limeneli ndakhala ndikuliikira kumbuyo zaka zonsezi. Komanso si inu nomwe munkati anatayika?"

"Nanga si inu munkati wa Mulungu satayika? Kaimeni pa mawu anuwo lero, anthu akuoneni!"

"Ndinkati ngati ali wa Mulungu adzabwerera. Wabwerera?"

Ndinali ndisanawamvepo akuyankhulana choncho. Pakhonde paja ankatsutsana ngati anthu osewera bawo. Apa mawu ankatuluka m'mano. Bambo anali atakunga nkhope ngati munthu amene akudikira kumenyedwa.

Pamenepo panadutsa mayi Chikopa, mnansi wa amalume amene ankawaphikira phala masiku awo omaliza. Anali atasenza ndowa ya madzi. Anaitula pansi, nagwada.

"Pepani ndalowerera za eni. Koma ndamva mukufunsana ngati anabwerera. Ine chimene ndikudziwa ndi ichi. Kuyambira tsiku limene munabwera lija, achemwali, bambo aja sanayimbenso. Munthu woti ankatidzutsa ndi nyimbo tsiku lililonse, ngakhale ataledzera. Mowa sindinama, anamwabe kawiri kapena katatu. Koma Lamlungu lathali anavala jekete, anayenda mopumirapumira mpaka ku tchalitchi. Sanalowe. Anakaima panja pafupi ndi zenera mpaka mapemphero kutha. Pobwera ndinawafunsa kuti bwanji osalowa, iwo anati, 'Ndimangofuna ndimve ngati ndinakhalamodi m'menemo.' Sindinamvetse. Ndimati mwina inu mukudziwa chimene munakambirana."

Amayi anatembenukira kwa bambo, kenako kwa mayi Chikopa. "Tsiku lija ine sindinamuuze kanthu. Ndinangomufunsa za chifuwa basi."

"Ndinawauza ndine."

Mawuwo anatuluka okha. Onse atatu anandiyang'ana ngati ndangomera pansi. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa nyimbo ija mpaka pa funso limene amalume anandifunsa. Ndinanena mbali ya amayi, ndinanenanso mbali ya bambo, monga mmene ndinawauzira amalume. Mbama ya amayi inandipeza ndisanatseke pakamwa. Khutu linalira, ndipo ndinagwera pa nsanamira ya nkhokwe. Dzanja lawo linakweranso, koma bambo analigwira m'mwamba.

"Musiyeni."

"Wandiphera mlongo wanga ndi pakamwa!"

"Alamu apita ndi chifuwa. Ndipo mwanayu sanawonjezerepo liwu ngakhale limodzi." Mawu a bambo anali otsika. "Mwamumva bwino. Mawu onsewo ndi athu, anu ndi anga. Iye wangowanyamula. Ndipo olemera kwambiri ndi anga."

Amayi anakhala pansi pa fumbi pomwepo, anadziphimba kumutu ndi chitenje, n'kuyamba kulira kulira kwina, kosiyana ndi kwa m'siwa. Mayi Chikopa anawagwira mapewa. Bambo anaima kanthawi akuyang'ana pansi. Kenako anandigwira dzanja n'kuyenda nane mpaka pamene panakhala amuna, pansi pa mtengo wa mango. Anagwada pafupi ndi a Likoswe.

"Abambo, ndamva kuti alamu anabwera ku tchalitchi Lamlungu. Munawaona?"

"Ndinawaona. Anaima panja."

"Alipo anatuluka kukawalonjera?"

"Tinali pakati pa mapemphero."

"Sindikukuimbani mlandu. Ndikanakhala ine, sindikanatulukanso." Bambo anapitiriza. "Sindikupempha kuti mpingo uyimbe. Lamulo ndalimva. Koma kumanda ine ndikapemphera, ngati mlamu wake."

"Abambo, ukulu wa mpingo si jekete yoti mungavule pa maliro n'kukavalanso Lamlungu. Anthu akaona inu, aona mpingo. Nkhaniyi ikafika kwanu ku Chileka."

"Ifike."

Amuna amene anali pafupi anayang'anizana. Wina anatsokomola. A Likoswe anangotembenuza nkhope.

Kwathu ana sapita kumanda. Bokosi litanyamuka, azakhali ena anandikokera kumene kunatsala ana anzanga, koma bambo anati, "Uyu apita nawo." Azakhaliwo anafuna kutsutsa, koma ataona nkhope ya bambo anandisiya. Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chilango kapena ankangofuna kuti ndisatsale ndekha ndi zimene zinali mumtima mwanga. Mwina zonse ziwiri.

Ulendo wa kumanda unali wautali, kudutsa m'minda youma ya mapesi. Panalibe nyimbo. Unkangomva mapazi a anthu, kupuma kwa onyamula bokosi akamasinthana, ndi kulira kwa amayi chakumbuyo. Fumbi linkakwera mpaka m'mphuno. Ine ndinkayang'ana bokosilo likugwedezeka pamapewa a anthu, n'kumaganiza kuti munthu amene ali m'menemo anapita ndi funso limene ine ndinamupatsa, ndipo palibe anamuyankha.

Adzukulu atatsitsa bokosi, mkulu wawo anayang'ana uku ndi uku, kudikira ngati alipo wonena kanthu asanayambe kukwirira. Kanthawi kameneko kanatalika kwambiri. Kenako bambo anasiya dzanja langa, anasendera m'mphepete mwa manda, navula magalasi awo. Ndinaona anthu atatu kapena anayi a mumpingo akubwerera m'mbuyo n'kukaima patali. Bambo anali munthu wa mapemphero aatali, okonzedwa bwino, oyamba ndi mayina onse a Mulungu. Tsiku limenelo sanatero.

"Ambuye, munthu uyu mukumudziwa ndinu. Ife tinkayesa tikumudziwa. Tinakamba za iye pakhonde pathu titakhuta, iye akudwala kuno. Ngati pali pamene tinamutsekera njira yobwera kwa Inu, mlanduwo ndi wathu, mutikhululukire. Kumene ali sitikudziwa. Tikumusiya m'manja mwanu, chifukwa manja anu ndi abwino kuposa athu. Ameni."

"Ameni," amayi anayankha mokweza, mawu atasweka. Ena ochepa anatsatira chapansipansi. Makasu anayamba kugwetsa dothi.

Tinabwerera ku Chileka patapita masiku awiri. Tsaya langa linali likadali lotupa. Titatsika pa Kameza, tikudikira ya ku Chileka pakati pa phokoso la oitanira ndi ogulitsa nthochi, funso limene linkandidya masiku onsewo linatuluka.

"Bambo, nanga ine? Ndataya?"

Bambo anandiyang'ana ngati sanamve. "Wataya chiyani?"

"Chipulumutso. Chifukwa cha zimene ndinawachita amalume. Kapena ine ndi mmodzi wa aja oti sanapulumutsidwe chiyambire?"

Ndinali ndisanaonepo bambo akusowa yankho. Amene anayankha anali amayi. Anagwada pomwepo pa siteji, pa fumbi ndi makoko a nzimbe, anandigwira tsaya lotupa lija ndi dzanja lomwe linandimenya.

"Tamvera, Esinati. Munthu amene wasiyana ndi Mulungu sadandaula chonchi. Mtima wake sumuwawa. Iwe ukulira chifukwa Mulungu akadali nawe."

"Pamenepo mayi ako akunena zoona," bambo anatero mofulumira. Aka kanali koyamba kuwamva akugwirizana pa nkhani imeneyi.

Ndinaganiza pang'ono. Sindinkafuna kupambana tsopano, ndinkangofuna kumvetsa.

"Komatu amalume nawonso ankadandaula."

Minibasi inabwera, inadzaza, inapita, ife tili chiimire. Amayi anali akadagwadabe, akuyang'ana pansi. Bambo anatulutsa mpango, napukuta magalasi amene anali oyera kale. Tinakwera yotsatira.

Nkhani inafikadi ku Chileka monga ananenera a Likoswe. Bambo anaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo sanakane kanthu. Anawaimitsa pa ukulu miyezi isanu ndi umodzi. Nthawi yonseyo ankapita ku tchalitchi Lamlungu lililonse n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo, pamodzi ndi ife ana. Anthu ankanong'onezana, ena ankawalambalala pa msika. Ine ndinkachita manyazi kwambiri, chifukwa ndinkaona kuti zonsezo zinayamba ndi pakamwa panga. Tsiku lina ndinawauza zimenezo. Anangoti, "Kumbuyo kuno ulaliki ukumveka bwino kuposa kutsogolo," n'kupitiriza kuchonga makope a ana asukulu.

Wina angaganize kuti pambuyo pa zimenezi makolo anga anagwirizana pa chiphunzitso. Sanagwirizane. Amayi anakhalabe ku feloshipu, akukhulupirira kuti munthu ayenera kudikira ndi kusamala kuti angagwe. Bambo anakhalabe pa mawu awo akuti Mulungu sataya ake. Ankatsutsanabe, nthawi zina mpaka tiyi kuzizira. Chimene chinasintha n'chakuti m'nyumba mwathu simunatchulidwenso dzina la munthu pa mtsutso umenewo. Mlendo akayamba kunena kuti, "Taonani uje," amayi ankadzuka kukaona za kukhitchini, ndipo bambo ankafunsa za mvula.

Panapita zaka zambiri. Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinabereka ana anga. Bambo atakalamba n'kuyamba kudwala, ndinkapita ku Chileka kukawasamalira. Masana ena ndikuwameta tsitsi pabwalo, ndinawafunsa ngati anasinthapo maganizo pa nkhani ija.

"Ayi," anatero. "Ndikukhulupirirabe zomwezo. Pa msinkhu uno ndikanati ndizidalira mphamvu zanga, bwenzi ndikuopa." Ine ndinapitiriza kumeta. "Koma ndikakafika, munthu woyamba amene ndikufuna kukamupepesa ndi alamu."

"Ndiye mukudziwa kuti mukawapeza?"

"Sindikudziwa. Ndikupempha."

Amayi anali chapafupi akupeta mpunga, ndipo ndinkayesa sakumva. Osadzutsa mutu, anati, "Tikupempha tonse."

Lero ndine wamkulu kuposa mmene analili amalume a Waisoni pomwalira. Mtsutso uja ndimaumvabe, m'minibasi, pa wailesi, ngakhale kwa ana anga omwe. Ndawerenga mbali zonse ziwiri, ndipo ndili nako kumene ndimapendekera. Sindinena kuti funsolo ndi lopanda pake; anthu oopa Mulungu alimbana nalo moona mtima, ndipo makolo anga anali awiri mwa iwo. Koma chimene ndinaphunzira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi n'chakuti munthu ukhoza kunena zoona zokhazokha, osawonjezera kapena kuchotsa, n'kuchita nazo nkhanza zoti sudzathanso kuzikonza. Amalume sankafunika kuti wina awauze mbali imene ali. Ankafunika munthu woti akhale nawo pa mulu wa matabwa paja n'kumvetsera nyimbo mpaka ithe. Ine ndinalipo, ndinali ndi makutu, koma ndinasankha kuyankhula.